Kampu ya nyimbo ya mu Ogasiti, ndi anthu amene amagula nsambo

Mwana amene akuphunzira vayolini mu Blantyre nthawi zambiri amaphunzira yekha. Wina ali ku Chilomoni, amaonana ndi mphunzitsi wake Loweruka lokha basi. Wina ali ku Bangwe, lipenga analipeza kutchalitchi, ndipo zambiri amaphunzirira pa YouTube, pa foni ya achemwali ake, tsiku limene bandulo yapezeka. Wina ali pa sukulu yolipira yokhala ndi chipinda cha nyimbo, piyano ili momwemo, koma akaweruka amakalowa kumpanda ku Namiwawa, geti n'kutsekedwa. Ana amenewa amakhala mumzinda umodzi, mwina amadutsana pa Ginnery Corner kapena mumsika wa Limbe, koma sadziwana. Chaka chonse aliyense amangomva mawu a choyimbira chake chokha.

Chonsecho nyimbo zimene akuvutika nazozo sizinalembedwere munthu mmodzi. Mwana woliza viola, choyimbira chonga vayolini koma chokulirapo pang'ono, akamayeserera gawo lake kunyumba, makolo amadabwa kuti kodi imeneyi ndi nyimbo yanji yopanda mutu. Sakulakwa kudabwa. Gawo la viola palokha kawirikawiri limakhala manotsi obwerezabwereza, kenako chete, kenako manotsi ena awiri atatu. Limamveka kuti ndi nyimbo pokhapokha mavayolini ali mbali iyi, ma cello, akuluakulu oimika pansi aja, ali mbali inayo, aliyense akuponyapo lake. Mwana amene sanakhalepo pakati pa anzake motere amatha zaka akuphunzira chinthu chimene sanachimvepo chathunthu, ndipo ambiri amasiyira panjira.

N'chifukwa chake kampu ya pa tchuthi ndimayitenga ngati nkhani yaikulu. Ine si woliza vayolini. Ndinakulira m'kwaya, ndimawerenga sol-fa ya doh, ray, me, pa mapemphero kiyibodi ndimayigwira ndithu, ndipo mu komiti yathu yokonza kampu ya ana oyimba nyimbo za classical, zija zolizidwa ndi mavayolini ndi zoyimbira zina powerenga manotsi, anandipatsa ntchito yosunga chuma. Choncho zambiri zimene ndikulemba pano ndaziona nditakhala kumbuyo kwa holo, kope la ndalama lili pamwendo.

Ku Ulaya ndi ku America makampu otere amachitika m'nyengo yawo yotentha. Kwathu kuno nthawi yake ndi tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti, teremu yachitatu ikatha, sukulu zisanatsegulire mu Sepitembala. M'mawa kumakhala kukadazizira, masiku ena chiperoni chimabwereranso n'kuphimba phiri la Ndirande, ndipo ana amafika zala zili gwa, majuzi atakokera mpaka m'zikhatho. Masana mphepo imayamba, fumbi n'kumalowa pa mawindo. Mpweya wouma umenewu zoyimbira za matabwa siziukonda. Tizikhomo tomangira nsambo timakhwefuka, moti vayolini imene inali bwinobwino dzulo imapezeka yasokonekera m'mawa.

Ndiye ntchito yoyamba tsiku lililonse ndi kutchuna. Munthu mmodzi amaliza A, mawu amene oyimba ambiri padziko anagwirizana kuti azinjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi, ndipo onse amafananiza zoyimbira zawo ndi mawu amenewo. M'magulu akuluakulu akunja ntchitoyi ndi ya woliza oboe, mtundu wina wa chitoliro. Ife oboe tilibe, timadalira kiyibodi, ndipo magetsi akazima foni ya mphunzitsi imagwira ntchito. Ana aang'ono sangathe kutchuna okha, amaima pamzere, mphunzitsi n'kumapotokola chikhomo chimodzichimodzi. Vayolini ili ndi nsambo zinayi, G, D, A ndi E. Muwerengere nokha kuti mzere wa ana ukhoza kudya nthawi yochuluka bwanji. Kenako amagawikana: mavayolini m'kalasi imodzi, ma viola ndi ma cello m'kalasi ina, a zitoliro pakhonde, a malipenga timawatumiza kutali pansi pa mtengo wa mango chifukwa akayamba iwo wina aliyense samvekanso. Akadya nsima ndi pamene onse amakumana mu holo.

Pali mtsikana wina wa ku Ndirande, wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, amene anafika akudziwa gawo lake lonse pamtima. Anamuika m'gulu lachiwiri la mavayolini. Gulu lonse litayamba, iye anathamanga n'kukafika kumapeto anzake adakali pakati, uta wolizira ukukhula nsambo mwamphamvu, maso ali pa pepala. Mphunzitsi anakweza dzanja, onse n'kusiya.

"Mwana wanga, mnzako ali pambali pakoyo ukumumva?"

"Ayi madamu."

"Taika vayolini pamwendo. Ulendo uno usalize, ungomvetsera."

Mtsikanayo anakhala pansi nkhope itagwa, akuganiza kuti wapatsidwa chilango. Anzake anayambanso. Ndinkamuona mutu wake ukutembenukira ku ma cello, kenako ku mavayolini oyamba, kenako phazi lake linayamba kugunda pansi pang'onopang'ono. Atamuuza kuti anyamulenso vayolini, analowa pamalo pake penipeni, mofewa, ndipo pakati pa nyimbo anatukula maso n'kuyang'ana dzanja la wotsogolera. Zimenezi mphunzitsi wa Loweruka sakanatha kumuphunzitsa ali awiriwiri, ngakhale akanakhala katswiri chotani. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: aliyense akhoza kukhala ndi mphamvu zake, koma akapanda kumva munsi wa mnzake, minsi imawombana m'mwamba ndipo chimanga chimatayikira pansi.

Palinso luso lina limene anthu oonerera saliganizira, kuwerenga nthawi yokhala chete. Mnyamata wa lipenga amatha kukhala ma bar (tizigawo towerengera nthawi m'nyimbo) makumi atatu osaliza kanthu, akuwerenga mumtima, milomo ikugwedezeka, kuti akalowe pa nthawi yake ndi manotsi anayi okha. Akaphonya, holo yonse imadziwa. Amaphunziranso kukhala ndi pensulo nthawi zonse, kulemba pa pepala pamene wotsogolera wanena kuti apa tifewetse, apa uta ukwere, apa tipume. Anthu awiri amawerenga pepala limodzi, ndipo mmodzi ayenera kusiya kuliza kuti atembenuze tsamba mnzake akupitiriza. Mwana wa kumpanda uja ndi mwana wa ku Bangwe amapezeka ali pa pepala limodzi, akukangana kuti pensulo wayisowetsa ndani, ndipo pofika sabata yachiwiri amakhala akugawana mandasi.

Chinthu chimodzi chimene aphunzitsi ochokera kunja amadabwa nacho akabwera ndi khutu la ana athu. Ine sichindidabwitsa. Mzinda uno wakhala ukuyimba m'magawo anayi kwa zaka zoposa zana. Amishoni a ku Scotland anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi manja a anthu akuno amene anali asanamangepo nyumba yotero. M'matchalitchi ndi m'sukulu za mishoni ndi mmene munafalikira tonic sol-fa, njira yowerengera nyimbo ndi doh, ray, me imene John Curwen anayitchukitsa ku England m'zaka za m'ma 1800. Mpaka lero kwayamasitala wa ku Zingwangwa kapena ku Chirimba amalemba d, r, m pa bolodi, amayi ndi achinyamata n'kuyimba soprano, alto, tenor ndi bass osaona piyano. Mwana wokulira mmenemo amadziwa m'thupi mwake kutalikirana kwa doh ndi soh. Tsono vayolini ilibe timizere tosonyeza poika chala ngati gitala. Chala chikaphonya pang'ono chabe mawu amapotoka, ndipo chokuuza kuti waphonya ndi khutu lako basi. Apa mwana wa m'kwaya amakhala atayamba kale ulendo. Chimene chimamuvuta ndi manotsi a pa mizere isanu, ndipo pa kampu timapatula nthawi tsiku lililonse yolumikiza ziwirizi: ayimbe kaye ndi pakamwa mu sol-fa, kenako aone pamene mawu omwewo akhala pa mzere, kenako anyamule uta. Ndaonapo aphunzitsi ena akunyoza sol-fa ngati chinthu chachikale choyenera kuchotsedwa m'mutu mwa mwana. Ndimawatsutsa poyera. Kumeneko n'kutaya chuma chimene mwana wabwera nacho kale.

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, bwanji mukuphunzitsa ana nyimbo za azungu pamene zathu zikufa? Sindiliona ngati funso lachibwana, chifukwa n'zoona kuti oliza bangwe ndi kaligo akuchepa, ndipo zimandipweteka. Koma taonani kaligo yemweyo: nsambo imodzi, uta, chala choyenda popanda timizere. Kuliza nsambo ndi uta si chinthu chimene tinachionera kwa alendo. Ndipo mbiri yathu ndi ya anthu otenga choyimbira cha kwina n'kuchiyankhulitsa chinenero chathu. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a ku Chileka konkuno, anatenga gitala ndi chitoliro cha kwela n'kupanga nyimbo zimene zinakamveka mpaka ku Ulaya ngati za ku Malawi. Malipenga a ku Nkhata Bay, mganda ndi beni anachokera pa kuonerera perete ndi mabandi a asilikali, koma lero ndani anganene kuti si magule athu? Nyimbo ya fuko lathu, imene Michael Sauka anapeka ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1964, imayimbidwa m'magawo anayi, ndipo bandi ya apolisi kapena ya asilikali ikamayiliza pa zochitika za boma imawerenga manotsi. Pa kampu yathu ana amaliza nyimbo za olemba akale a ku Ulaya, inde, koma aphunzitsi amakhalanso usiku kulemba magawo a nyimbo za kwathu, za m'maukwati ndi zotonthozera mwana, kuti mavayolini ndi ng'oma zikumane. Ndikukhulupirira kuti mwa ana odziwa kulemba manotsiwa ndi mmene mudzatuluke wina wokakhala pansi ndi agogo oliza bangwe n'kusunga nyimbo zawo pa pepala.

Tsopano ndifike pa nkhani ya kope langa lija, chifukwa pamenepa ndi pamene kampu imakhalira moyo kapena kufa.

Anthu akamva kuti tikufuna thandizo, maganizo awo amathamangira ku zoyimbira. Ndipo zoyimbira zimabweradi. Wina amatumiza mavayolini kuchokera ku Scotland, kampani ina imagula malipenga, pamakhala mwambo, zithunzi zimajambulidwa, ana atavala yunifolomu akumwetulira. Sindikunyoza, popanda zimenezo sitikanayamba n'komwe. Koma ndinapitapo pa sukulu ina mumzinda muno kukabwereka mavayolini amene anaperekedwa zaka zingapo zapitazo. Anali mu ofesi, pamwamba pa kabati, mabokosi ali ndi fumbi. Titatsegula tinapeza ubweya wa mauta utadyedwa ndi tizilombo, uli lendelende. Nsambo zinachita dzimbiri. Pa mavayolini awiri kathabwa konyamula nsambo kanali katagwa, ndipo ina tikaigwedeza inkalira gobedegobede chifukwa kamtengo ka m'kati, kamene kamalumikiza thabwa la pamwamba ndi la pansi, kanali katachoka pamalo pake. Panalibe woba, panalibe wowononga. Panangosowa mphunzitsi, panasowa ndalama ya nsambo, ndipo wosunga makiyi ankaopa kuti ana akazigwira ziwonongeka iye n'kudzafunsidwa.

Choyimbira chimadya ndalama tsiku ndi tsiku. Nsambo ya E, yopyapyala kuposa zonse, imaduka kawirikawiri, ndipo ngakhale zosadukazo zimatha mawu pakapita nthawi. Uta umapangidwa ndi ubweya wa kumchira kwa hatchi, umafuna kupakidwa utomoni kuti ugwire nsambo, ndipo ubweyawo umathothoka n'kufuna kusinthidwa. Woliza chitoliro cha clarinet amafuna timabango toika pakamwa pa choyimbira chake, ndipo kamodzi sikakhalitsa, makamaka m'kamwa mwa wophunzira. Lipenga limafuna mafuta ake. Piyano ili ndi nsambo zoposa 200 ndipo imafuna munthu wodziwa kuyitchuna, amene m'dziko muno ndi wosowa. Mwana akamakula amasintha vayolini, kuchoka pa yaing'ono kupita pa yokulirapo mpaka yathunthu. Pafupifupi zonsezi timaitanitsa kunja, kawirikawiri ku Johannesburg, kudzera mwa wina amene akubwera pa basi kapena pa ndege. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene tinasungira nsambo za gulu lonse inangokwana za mavayolini okha, a cello n'kupitiriza ndi zakale. Palibe amene amajambulitsa chithunzi atanyamula paketi ya nsambo, koma popanda paketi imeneyo chithunzi choyamba chija chimasanduka bokosi la pakabati.

Kenako pali thiransipoti. Mwana wa ku Machinjiri kapena ku Chigumula amakwera maminibasi awiri kubwera, awiri kubwerera, kwa masabata awiri. Kwa kholo logulitsa tomato, imeneyo ndi ndalama ya ndiwo ya banja lonse. Wonyamula cello ndiye ali pa mavuto ena: kondakitala amafuna kuti choyimbiracho chilipire mpando wake, apo ayi achikankhire kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Pa kabaza ndiye sitilola n'komwe. Ana amene amajomba pa kampu, ndikawafufuza, si aulesi. Tsiku limenelo kunyumba kunalibe ya minibasi.

Ndiye pali chakudya. Mwana wanjala sawerenga ma bar makumi atatu. Apa ndi pamene ndinaphunzira kulemekeza thandizo limene silimveka pa wailesi. Amayi a Mvano a pa mpingo umene umatibwereka holo anagawana masiku ophika. Wina amabwera ndi ufa wa m'thumba lake, wina nyemba, wina mpiru wa kudimba kwake, wina nkhuni. Tsiku lina m'mawa ndinapita kukhitchini ndi envelopu kuti ndiwapatse kangachepe ka sopo. Amayi amene amatsogolera anapukuta manja pa chitenje n'kuikankha envelopuyo.

"Achimwene, imeneyo kagulireni ana mawaya awo aja akudukaduka. Ife tabwera kudzaphika."

Anabwerera pa mphika wawo, mthiko uli m'manja, utsi uli m'maso, kwinaku akung'ung'udza alto ya nyimbo imene inkamveka kuchokera mu holo. Gulu lina la banki m'khonde, limene muli amayi a ana athu awiri, linagwirizana kuti pogawana ndalama kumapeto a chaka lizipatula kagawo ka thiransipoti ya ana a m'dera lawo. Gulu la anthu amene anaphunzira pa sukulu imodzi kalekale, amene amangochezerana pa WhatsApp, linasonkha ndalama yojambulitsira mapepala a nyimbo. Bambo wina wa minibasi amatenga ana a cello m'mawa asanayambe ntchito. Mu kope langa mizere imeneyi ndi yaing'onoing'ono, koma ndi imene imabwera chaka ndi chaka osachita kuyipempha kawiri.

Makalabu akuluakulu nawo ali ndi malo awo, ndipo ndimawalemekeza. Rotary inayamba ku Chicago mu 1905, Lions mu 1917, ndipo mumzinda muno muli makalabu awo a anthu amalonda, madokotala, maloya ndi ena amene amakumana mokhazikika n'kusonkha za m'thumba mwawo. Rotary imadziwika padziko lonse ndi nkhondo yolimbana ndi poliyo imene inayamba mu 1985, Lions ndi ntchito ya maso. Mphamvu ya kalabu yotere si kulemera kwa mamembala ake kokha. Ili ndi komiti, ili ndi msungichuma, imalemba zimene yagwirizana, ndipo chaka chamawa idzakhalapobe ngakhale wapampando atasintha. Ilinso ndi abale ake m'mayiko ena amene angathe kutumiza katundu amene kuno sapezeka. Ndikanapatsidwa mphindi zisanu pa msonkhano wa kalabu iliyonse yotere, kaya ya amalonda, kaya ya mpira, kaya ya amayi, sindikanapempha mavayolini ena. Ndikanapempha kuti asankhe chinthu chimodzi chosasangalatsa kuchijambula, nsambo, kapena thiransipoti ya Loweruka, kapena malipiro a mphunzitsi mmodzi, n'kulonjeza kuchinyamula kwa zaka zitatu. Ndikanapemphanso kuti mmodzi wa iwo wodziwa za maakaunti azibwera kudzaona kope langa. Ndalama za anthu zimafuna maso ambiri, ndipo kholo kapena kalabu imene yaona malisiti imaperekanso mosanyinyirika.

Za aphunzitsi ndinene mosapsatira. Tinazolowera kuganiza kuti woyimba amagwira ntchito chifukwa cha chikondi, ndiye "zikomo" ndi mbale ya nsima zamukwanira. Aphunzitsi athu ambiri ndi achinyamata amene anaphunzira movutikira, ena ku bandi ya mpingo, ena ku Zomba ku yunivesite, ena ku Music Crossroads ku Lilongwe. Ali ndi lendi yolipira. Tikapanda kuwalipira amapita kukaliza kiyibodi m'maukwati, ndipo sitingawadzudzule. Mlendo wochokera kunja amabwera masabata awiri, amatithandiza kwambiri, n'kukwera ndege. Wotsala ndi ana ndi mphunzitsi wachinyamata wa konkuno uja. Ngati pali ndalama imodzi yokha, ipite kwa iyeyo.

Pali chinanso chimene makolo a atsikana amafunsa asanafunse za nyimbo: mwana wanga akhala ndi ndani, ndipo abwera nthawi yanji? Tinagwirizana kuti pazikhala amayi oyang'anira tsiku lonse, kuti mphunzitsi asatsekere chitseko ali ndi mwana mmodzi, ndiponso kuti tiziweruka dzuwa likadalipo. Mu Ogasiti mdima suchedwa, ndipo mtsikana wonyamula bokosi looneka lodula sayenera kuyenda m'njira za ku Mbayani kutada. Zimenezi zinachititsa kuti tichepetse nthawi yoyeserera, aphunzitsi ena anadandaula, koma chiwerengero cha atsikana chinakwera.

Ndikudziwa mawu amene ena ali nawo pakamwa: anthu akugona ndi njala, zipatala zikusowa mankhwala, inu mukupempha ndalama za utomoni wa uta? Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, ine ndemwe ndinaona kuti si nthawi yoyenda ndi kalata yopempha za nyimbo, ndipo ndalama zina zimene tinalonjezedwa zinapita ku mabulangete ndi ufa. Zinayenera kutero. Koma sindivomereza kuti mwana wa m'banja losauka ayenera kudikira mpaka mavuto onse a dziko atatha kuti agwire chinthu chokongola. Mwana wa kumpanda sadikira. Makolo ake amadziwa zimene kuphunzira choyimbira kumachita pa mwana, kupirira, kumvetsera, kuyima pamaso pa anthu osanjenjemera, ndipo amalipira. Tikati nyimbo zidikire, amene tikumuuza kuti adikire ndi mwana wa ku Ndirande yekha.

Ena anayamba povuta kuposa ife. Ku Kinshasa, Armand Diangienda, amene kale anali woyendetsa ndege, anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste mu 1994. Zoyimbira zinali zochepa moti anthu ankalandirana, nsambo ikaduka ankamangapo waya wa mabuleki a njinga, ndipo ena mwa iwo anaphunzira kusema okha zoyimbira. Ku Venezuela, José Antonio Abreu anayamba mu 1975 ndi achinyamata 11 m'galaja, ndipo ntchito imeneyo, El Sistema, inadzafikira ana zikwi mazanamazana. Ku Diepkloof mu Soweto, Rosemary Nalden anakhazikitsa sukulu ya Buskaid mu 1997, ndipo ana ake amaliza nyimbo za ku Ulaya ndi kwela pa nsanja imodzi. Chimene ndimatolapo pa atatu onsewa n'chakuti palibe amene anadalira mwambo wa kamodzi pachaka. Ankakumana sabata ndi sabata, ena tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pamene kampu yathu ikadali yofooka. Tsiku lomaliza kumakhala konsati. Holo imadzaza, makolo amabwera atatchena, agogo ena amalira, nthungululu zimamveka pakati pa nyimbo pamene mabuku akunja amati anthu azikhala chete, ndipo ine sindinaganizepo zowaletsa. Timayendetsa mbale ngati pa Paper Sunday ndipo anthu amaponya mokondwa. Koma Lolemba lotsatira zoyimbira zobwereka zimabwerera kwa eni ake. Mu Okutobala nsambo imaduka ku Bangwe ndipo palibe yosinthira. Mvula ikayamba chinyezi chimatupitsa zikhomo, guluu amamasuka, mwana amaika bokosi pansi pa bedi. Akamabweranso Ogasiti winayo, zala zimakhala zitaiwala theka la zimene anaphunzira, ndipo ena sabweranso.

Chaka chino komiti yagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama ya m'mbale ya konsati sitiyisungiranso kampu ya chaka chamawa. Ipita ku thiransipoti kuti ana azikumana Loweruka limodzi pa mwezi mu holo yomweyo, ndipo mpingo wavomera kutipatsa malo ulere malinga tisawombane ndi maukwati. Tikanakonda sabata iliyonse, koma thumba silikulola pakali pano. Ana amene asonyeza kuti amasamala aziloledwa kupita ndi zoyimbira kunyumba, kholo litasayina, chifukwa vayolini yokandika pang'ono m'manja mwa mwana ndi yabwino kuposa yosalala ya pakabati.

Chachiwiri ndi wokonza. Mzinda uno uli ndi amisiri. Pitani ku Ndirande mukaone anthu akupanga mipando, mabokosi, mbaula, ngakhale zipangizo za galimoto zimene sitolo zilibe. Tapeza kalipentala wachinyamata, m'bale wake wa mmodzi wa ana athu, amene pa kampu yapitayi ankabwera kudzaonerera mlendo wina akuimika kamtengo ka m'kati mwa vayolini ndi kachitsulo kopindika, kudzera pa kabowo kopapatiza ka pamwamba. Anayesa yekha pa vayolini yosweka mpaka kanaima. Akufunika zipangizo zochepa, guluu wa zikopa amene amasungunuka ndi madzi otentha kuti choyimbira chizitha kutsegulidwanso osathyoka, mtolo wa ubweya wa mauta, ndi miyezi ingapo pafupi ndi munthu wodziwa ntchitoyi, mwina ku South Africa. Kalata yopempha thandizo limeneli tayilemba kale, ndipo mwezi uno tiyamba kuyenda nayo m'makalabu a mu Blantyre ndi Limbe, malisiti a chaka chatha titawamata kumbuyo kwake.